Nkhani ili pati, malonda ali pati?

Nyuzi ya pepala kuno ku Kasungu inasanduka ya m'maofesi basi. Ukaiona ndiye kuti walowa mu banki kapena kwa a DC, apo ayi wina wakukulungiramo usipa pamsika ndipo ndi ya chaka chatha. Enafe nkhani timawerengera pa foni, Nyasa Times, Malawi24, Maravi Post, mapeji a Zodiak, Nation, Times, kuphatikizapo timapeji tina ta pa Facebook tosadziwika eni ake tomwe timangotulukira mwezi ndi mwezi. Ndipo timati ndi zaulere. Zaulere zake ziti poti bandulo timagula? Eya timagula, koma ndalama ya bandulo imapita ku Airtel kapena TNM, mtolankhani yemwe wakwera kabaza kupita ku Chinkhoma kukamva mmene fodya akuyendera pa okushoni salandirapo olo tambala. Nde iyeyo adye chani? Amadya za malonda.

Ndinene kaye poyera kuti ine malonda sindidana nawo. Anthu ena akangoona chithunzi cha banki pamwamba pa nkhani ayamba kale kukuwa, agulidwa awa, agulidwa awa. Ayi aise. Nyuzi chiyambire zimadyera momwemo. Daily Times mbiri yake imayambira mu 1895, The Nation anaiyambitsa malemu Aleke Banda mu 1993, ndipo mutenge iliyonse mwa izi mupezamo masamba athunthu a zidziwitso za boma, mwayi wa ntchito, zikumbutso za omwalira, malonda a mabanki. Kungoti papepala malonda amakhala m'bokosi mwake, mzere uli kuzungulira, olo mwana wa sitandade 5 amadziwa kuti apa akundigulitsa sopo, apa akundiuza zomwe zachitika ku Nyumba ya Malamulo. Pa wailesi chimodzimodzi. Mukamamvera Mudzi Wathu ku Mchinji kaya wailesi ina iliyonse, amanena okha kuti pulogalamuyi ikukufikirani ndi thandizo lochokera kwa akutiakuti. Mwadziwa amene walipira, mumvera mukudziwa.

Pa foni mzere uja unafufutika.

Muphwa wanga wina, mnyamata wa makompyuta heve, ali ndi kawebusayiti kake ka nkhani za mpira ndi zochitika kwathu kuno. Nditamufunsa ngati kamamupatsako kena kake anangoseka n'kutsegula laputopu. Malonda ambiri omwe timawaona m'mbali mwa nkhani, aja osinthasintha aja, saika ndi mwini webusayiti ayi. Amaika ndi Google kudzera mu AdSense. Mwini wake amangosiya malo, otsatsa amapikisana pa malowo m'kanthawi kaja tsamba likutseguka, Google itengapo gawo lake, zotsala ndi zomwe amamulembera. Ndipo sangakutumizire ndalamayo mpaka itakwana madola 100. Pa sikirini pake panali timasenti, tikukwera mwaulesi kwabasi, kagirafu kake kali gonee ngati palibe chikuchitika chonsecho peji yake anthu amaiwerenga ndithu.

"Malume, vuto si kuchepa kwa anthu," anatero, "vuto ndi komwe anthuwo ali. Munthu m'modzi akawerenga ali ku London kapena ku Johannesburg amandibweretsera zambiri kuposa gulu la anthu owerenga ali pa Santhe."

Zinandiwawa pang'ono kumva zimenezo koma ndi zoona, ndipo chifukwa chake chili poyera. Wotsatsa amalipira maso a munthu amene angagule. Wa ku London ali ndi khadi ya banki, atha kudina pompo n'kugula, wa pa Santhe ali ndi ka itel ndi bandulo ya tsiku limodzi yomwe akuiwerengera ngati mchere. Ndiye kuti mwini webusayiti wa kuno apeze ndalama yooneka pafunika anthu ochuluka zedi, ndipo njira yachidule yoitanira anthu tonse tikuidziwa. Mutu wa nkhani uzikhala woti simungakhulupirire zomwe m'busa uyu wapezeka akuchita, onani zithunzi, woimba wotchuka watisiya, iwe mtima phaa kutsegula n'kupeza kuti wangosiya bandi yomwe amaimbamo. Nkhani ya ndime zinayi aidula zidutswazidutswa kuti uzingodina pitirizani, poti kudina kulikonse ndi malonda ena atsopano.

Taganizani mbali ya wolembayo. Nkhani yoti fetereza wa sabuside wachedwa kufika pa depoti ina kwa Chulu kapena kwa Wimbe imafuna mafuta, kucheza ndi alimi omwe agona pamzere, kuimbira a ofesi ya zaulimi, kuwadikira ayankhe ndipo mwina sayankha n'komwe, masiku apita. Ya chibwenzi cha munthu wotchuka amangoikopera pa gulu la WhatsApp, mphindi zingapo yatheka, ndipo ndi yomwe iwerengedwe ndi chinamtindi cha anthu. Makina a Google thukuta saliona, amangowerenga kuti adina angati. Ifenso owerenga tisadzichotsemo apa, palibe amatigwira chala.

Kenako pali mtundu wa malonda ake. Poti otsatsa akuluakulu a kunja salimbirana maso athu, malo aja amagwera kwa otchipa, mankhwala ochepetsa thupi m'sabata imodzi, a mphamvu za abambo, ntchito za ku Canada zosafuna mapepala, ngongole ya pompopompo. Kamtanda kotsekera kamakhala kakang'ono dala, chala chikaphonya pang'ono watsegula tsamba lina, vidiyo yayamba yokha kulira muli mu minibasi anthu onse cheu, bandulo ikupita. Ndinaonapo bambo wina wachikulire pa shopu ya zipangizo za ulimi akuonetsa mnzake foni, akuti mankhwala othetseratu shuga apezeka, alemba a nyuzi. Ndinasuzumira. Sanali a nyuzi, anali malonda omatidwa pansi pa nkhani, zilembo zofanana, chithunzi kukula kwake chimodzimodzi ndi cha nkhani zenizeni, kamawu kachingerezi kosonyeza kuti ndi malonda kali pakona, kotuwa, koti popanda magalasi sungakaone, ndipo olo akanakaona sakanakamva. Bamboyo Google saidziwa. Amadziwa dzina la nyuzi lomwe lili pamwamba, ndipo tsiku lomwe adzapusitsidwe adzatukwana dzina lomwelo. Chomwe ambiri sadziwa n'choti mwini webusayiti ali ndi mphamvu yotseka mitundu ina ya malonda, muphwa wanga anandionetsa pomwe amatsekera. Koma ukatseka ndalama imatsika, nde ambiri amangoyang'ana kumbali.

Za kubetcha ndiye musachite kunena. Makampani ake ndi ovomerezeka, ziphaso amatenga ku MAGLA, bungwe la boma loyang'anira za njuga, sindikunena kuti ndi akuba ayi. Koma taonani mmene nkhani zake zimalembedwera. Wowina mamiliyoni ku kandege, masewera obetcha a pa foni aja, timamuona, chithunzi chili apo akumwetulira atanyamula chicheke chachikulu, ndipo imatuluka ngati nkhani wamba pakati pa ya ngozi ya pamsewu wa M1 ndi ya khoti. Nanga wa kabaza uja wathera komweko ndalama ya bwana wake ya sabata yonse, nanga mlimi woluza ndalama ya soya usiku umodzi, nkhani zawo zimatuluka kangati pa peji yomwe pamwamba pake pakuphethira chikwangwani cha kubetcha? The Guardian ya ku Britain inalengeza mu 2023 kuti yasiya kulandira malonda a njuga, ndipo mu 2020 inali itasiya kale a makampani okumba mafuta. Iwowo atha kutero chifukwa ali ndi owerenga ambirimbiri omwe amasonkha ndalama mwa kufuna kwawo. Mkonzi wa kuno kumuuza achite chimodzimodzi ndi kumuuza kuti atseke ofesi, ine sindingamuumirize zimenezo. Pempho langa ndi laling'ono, nkhani ya wowina ija ailembe pamwamba kuti ndi malonda, ndipo ya woluzayo aziilembanso.

Timasenti ta Google sitingalipire atolankhani ndi lendi ya ofesi. Ndalama yooneka imachokera kwa otsatsa obwera okha pakhomo, ndipo m'dziko lathu lino amenewa utha kuwawerenga pa zala, mabanki, makampani a foni, a kubetcha aja, a mbeu ndi fetereza, mabungwe, boma ndi nthambi zake. Onse akudziwana, onse amakumana m'maukwati. Ndipo ambiri mwa iwo sakufunanso bokosi la pambali lija poti akudziwa kuti maso athu anazolowera kulidumpha. Akufuna akhale mkati mwa nkhani mwenimwenimo.

Nyengo yogula mbeu, cha mu Okutobala, ndinawerenga nkhani yotamanda mtundu wina wa chimanga, akuti umapirira ng'amba, akuti mlimi wina anakolola ngolo zakutizakuti pa ekala. Tsiku lomwelo ndinaipezanso pa peji ina, kenako pa inanso, mawu ake omwewo, chithunzi chomwecho cha mayi atagwira zisononkho ziwiri, olo pomwe analakwitsa kalembedwe ka dzina la mudzi onse analakwitsa mofanana. Koma pamwamba aliyense walemba kuti wolemba ndi mtolankhani wathu. Wathu wake uti? Nkhaniyo inalembedwa mu ofesi ya ogulitsa mbeuwo n'kutumizidwa limodzi ndi kena kake, zikuchita kuonekeratu. Mbeuyo mwina ndi yabwinodi, sindikuitsutsa, sindinaibzale. Koma mlimi wa ku Chamama kapena ku Mkanda akawerenga amaona ngati anthu atatu osiyana apita kumunda kukaona ndi maso awo, pomwe ndi pakamwa pamodzi. Ndipo mbeu ukagula yosayanjana ndi dera lako si zoti usintha mwezi wamawa, ndi chaka chathunthu chimenecho, ndi nkhokwe ya banja.

Za chipondamthengo aliyense wa ntchito imeneyi amazidziwa, kaenvelopu ka pakutha pa msonkhano wa atolankhani, amati ya thiransipoti. A Media Council of Malawi ndi a MISA Malawi akhala akuudzudzula mchitidwewu. Koma mtolankhani wa m'boma ngati lathuli nthawi zambiri amalipidwa nkhani ikatuluka, ena salipidwa n'komwe, galimoto ya ofesi kulibe, ndiye bungwe lomwe lamunyamula kupita naye kumudzi, lamudyetsa nkhomaliro, lidzamubwezanso madzulo, akalilembe zoipa bwanji? Ndimawamvetsa anyamatawa. Kungoti ine wowerenga sindinali nawo m'galimotomo, nde mundiuzeko kuti ulendowu analipira ndi ndani, chiganizo chimodzi basi pansi pa nkhani.

Zonsezi ndi zooneka, munthu wa maso akuthwa atha kuzinunkhiza. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhani yomwe sinatuluke, ija yafera pa desiki ya mkonzi chifukwa yakhudza wotsatsa wamkulu. Imeneyo suingaione olo utachenjera bwanji. Ndipo otsatsa mphamvu yawo amaidziwa. Mu 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, nthambi za boma zinauzidwa kuti zisiye kutsatsa malonda mu nyuzi za Nation Publications chifukwa akuluakulu sankakondwa ndi kalembedwe kake. Sipanafunike kutseka makina osindikizira, kungoumitsa thumba basi. Nation inapirira mpaka lero ilipo, koma ndi kampani yaikulu imeneyo, kawebusayiti ka anthu atatu komwe theka la ndalama yake likuchokera kwa bwana m'modzi sikangapirire olo mwezi, ndipo bwanayo safunikanso kuimba foni, mkonzi amadziletsa yekha.

Si zathu zokha izi. Ku Britain mu 2015 mtolankhani Peter Oborne anatula pansi udindo ku Daily Telegraph n'kulemba poyera kuti nyuziyo inkafewetsa nkhani zokhudza banki ya HSBC poopa kutaya malonda, eni nyuziyo anakana. Ku America mu 2013 magazini ya The Atlantic inaika nkhani yolipiridwa yotamanda mpingo wa Scientology, yooneka ngati nkhani zawo zina olo kuti kachizindikiro kanalipo, owerenga anakwiya koopsa mpaka anaichotsa pasanathe tsiku n'kupepesa. Apa pomwe pali kusiyana ndi kwathu. Kumeneko owerenga akakwiya mkonzi sagona, chifukwa ambiri mwa iwo ndi omwe amalipira. Kuno tikakwiya timatukwana m'makomenti, ndipo makomentiwo amangopangitsa Facebook kuionetsa nkhaniyo kwa anthu enanso ambiri.

Nthawi ya kampeni ndiye zimanyanya. Chisankho cha 2019, chobwereza cha 2020, cha 2025, nthawi zonse kumabadwa mapeji atsopano okhala ndi mayina ngati a nyuzi zenizeni, chisankho chikatha zii. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limafuna kuti wofalitsa nkhani pa intaneti aonetse dzina lake ndi momwe angapezekere. Tafufuzani pa mapeji omwe mumawerenga muone kuti ndi angati atero.

Ine chikhulupiriro cha owerenga ndimachiona ngati sikelo ya venda wa soya. Venda wokhotetsa sikelo chaka choyamba amaphula ndithu, matumba amadzaza msanga kuposa anzake. Koma mudzi ukangodziwa, anthu amamudutsa ali pomwepo n'kukapimitsa kwa wina olo mtengo wake uli wotsikirapo, ndipo olo agule sikelo yatsopano anthu amayang'anabe ndi diso lokayika. Zikuchitika kale pa nkhani. Mvetserani mmene anthu amayankhulira pa gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la kumudzi wina akaponya linki, funso loyamba limakhala lakuti alemba ndani, ndipo pali mapeji ena omwe olo alembe zoona anthu amati tidikire kaye anene a Zodiak kapena a Times. Peji yofika pamenepo yatha, chifukwa wotsatsa wanzeru nayenso safuna dzina lake likhale pambali pa bodza.

Nanga njira ina ilipo? Kunja ena anaipeza, kutembenukira kwa owerenga. New York Times inayamba kulipiritsa pa intaneti mu 2011. Daily Maverick ya ku South Africa mu 2018 inayambitsa umembala, wofuna amasonkha mwezi ndi mwezi koma nkhani zimakhalabe zotsegula kwa aliyense. Nyuzi ya The Continent inayamba mu 2020, imagawidwa ulele ngati PDF pa WhatsApp. Kwathu kuno Nation ndi Times amagulitsa nyuzi ya pa foni, koma tinene zoona, m'modzi akagula m'mawa pofika 9 koloko yazungulira magulu onse, ndipo woitumizayo timamuthokoza kuti ndi munthu wabwino. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, malo osungira webusayiti amalipira m'madola, pepala losindikizira limachokera kunja, ndipo wowerenga yemwe akuyembekezeka kulipirayo akuwerengera ya ufa. Ndi zovuta, sindikunama.

Enanso amadalira mabungwe akunja. Platform for Investigative Journalism ya a Gregory Gondwe yafukula nkhani zikuluzikulu za katangale, mpaka mu Epulo 2022 apolisi anawanjata a Gondwewo chifukwa cha nkhani yokhudza Zuneth Sattar, wabizinesi yemwe ankamuganizira za katangale. Ntchito ngati imeneyo ndi yovuta kuigwira ukudalira malonda a boma. Koma ndalama ya mabungwe nayonso ili ndi zokonda zake, chaka chino akufuna za nyengo, chaka chamawa za atsikana, pulojekiti ikatha ndalama yatha. Bola iwowo nthawi zambiri amalemba poyera amene wawathandiza.

Koma pa nkhani yoti sitingathe kulipira ndili ndi kachikaiko. Timatumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba tsiku ndi tsiku, ya maliro, ya kumpingo, ya banki mkhonde, ya kandege yomwe. Peji ya kuno yomwe imandiuza molondola mtengo wa soya ndi mtedza pa Kamwendo, mmene fodya wayendera ku Chinkhoma, zomwe khonsolo yachita ndi ndalama ya msika, yolemba m'Chichewa chomveka, yokhala ndi dzina la wolemba, yomwe ikalakwitsa imabwera n'kunena kuti apa tinaphonya m'malo mofufuta mwakachetechete usiku, imeneyo ine kangachepe pa mwezi ndingaipatse, ndipo ndikudziwa alimi ndi ageni ena omwe angatero. Malonda akhalepo ndithu. Bola ndizitha kuona kuti peji imeneyi inalembapo nkhani yowawa yokhudza kampani yomwe chikwangwani chake chili pamwamba pakepo, olo kamodzi kokha. Ndikaona zimenezo, zina zonse zomwe alemba ndimaziwerenga ndi mtima m'malo.

Muphwa wanga uja posachedwapa anabwera ndi nkhani. Mwini shopu ina ya zipangizo za ulimi akufuna amulembere zabwino za mankhwala ophera mbozi, alipira pompo, ndalama yoposa yomwe Google ingamupatse miyezi ingapo. Ine ndinati tenga, ndi geni imeneyo, koma pamwamba ulembe kuti MALONDA, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Atakamuuza, mwini shopuyo anati akalemba choncho ndiye adula ndalamayo pakati, poti iye akufuna ioneke ngati nkhani, anthu akaona kuti ndi malonda sakhulupirira. Mwaona? Iyeyo akudziwa bwinobwino chomwe akugula, ndi chikhulupiriro chomwe anthu ali nacho pa mnyamatayo, chomwe wachimanga polemba zigoli zolondola ndi nkhani za maliro zosanama.

"Malume, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero muphwa wanga, lendi ikumudikira.

Tinakangana ndithu mpaka tiyi kuzizira. Mapeto ake anatenga ya thekayo n'kulemba MALONDA pamwamba, zilembo zake zocheperapo kuposa zomwe ndinkafuna ine koma zowerengeka. Mwini shopuyo sanabwerenso ndi dilu ina, ndipo ndamva kuti nkhani yomwe ija yatulukanso pa peji ina ya kuno komweku yopanda chizindikiro chilichonse.